Kasupe wa Mayi Chapotera

"Bilu ya mwezi uno ikabweranso chonchi, amayi ako akwera basi."

Gilford ananena zimenezi ataima pakati pa chipinda, nsapato ina kuphazi ina kumanja. Sanakuwe ayi, koma nyumba ya lendi ya ku Kawale, zipinda ziwiri zopanda siling'i, siisunga chinsinsi cha munthu. Mkazi wake Jemima analoza ndi mlomo kubalaza, kumene mayi ake, Anangozo, anali pamphasa atatambasula mwendo wodwala. Gilford anangotsonya n'kuwerama kumanga nsapato.

Jemima anayamba kumukumbutsa monong'ona zimene iye ankadziwa kale. Kuchipatala ananena kuti chilonda cha pamwendopo chizitsukidwa ndi madzi a mchere m'mawa ndi madzulo, ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu azikachimangitsa, mpaka miyezi iwiri itakwana. Ananenanso mosapsatira kuti chikalekereredwa, mwendowo adzadula. Kwawo, kuseri kwa Lizulu, chipatala chili pamtunda wa theka la tsiku kwa munthu wa miyendo iwiri yabwino. Nanga nkhalamba yotsimphina ikafikako bwanji? Gilford anayankha kuti zonsezo n'zoona, koma adokotala salipira madzi. Ntchito ya fodya ku Kanengo inali itatha mu Seputembala, ndipo tsopano ankadalira maganyu osenza matumba kumsika, lero apezeka mawa ayi.

"M'nyumba muno tilimo asanu, koma pampopi tilipo asanu ndi mmodzi. K120 ya madzi okhaokha, magetsi ndi lendi tisanakhudze. Ukufuna ndikabe?"

"Ndipatseni mwezi umodzi, bambo a Tiwale. Biluyo ndiitsitsa ndine."

Gilford anaseka kuseka kopanda chimwemwe natuluka. Podutsa pabalaza anayang'ana kumbali monga achitira mkamwini waulemu, koma moni wa tsiku limenelo anauiwala.

Amene sanakhaleko pa lendi sangamve masamu a pa puloti ya mayi Chapotera, choncho tiwafotokoze. Panali nyumba zisanu zomangidwa mondondozana, ndipo kutsogolo kunali nyumba yaikulu ya eni ake. Mpopi unali umodzi, mita ya madzi imodzi, ya magetsinso imodzi. Bilu zikabwera, mayi Chapotera, mayi wamasiye wa thupi lake ndi mawu ake, ankakhala pampando pakhonde, makiyi ali lende kumsonga kwa chitenje, n'kuyamba kugawa. Madzi ankawerenga mitu. Khanda linali mitu iwiri chifukwa cha matewera, moti Esau, mwana wa Jemima wa miyezi isanu, ankalipira kuposa bambo ake omubereka. Magetsi ankawerenga mababu: wailesi inali babu limodzi, simbi yamagetsi mababu atatu. Firiji ya mayi Chapotera yokha ndiyo sinkawerengedwa, poti iwo ankati chinthu chozizira sichingadye moto. Aliyense ankadziwa kuti ndi bodza limenelo, koma chaka cha 1995 nyumba zinkasowa kuposa shuga, ndipo wofuna kutsutsa eni nyumba ankayenera kuyamba wapeza kopita.

Mwezi umenewo madzi anali atabwera K380, mitu ili khumi ndi isanu ndi inayi.

Jemima anayamba ndi magetsi. Anakwera pampando n'kugulula babu la kuchipinda, nakawauza mayi Chapotera kuti tsopano m'nyumba mwake mwatsala babu limodzi. Mayiwo anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, nati iwo sawerenga babu lenilenilo koma pokolowekera pake, chifukwa angadziwe bwanji kuti sakalibwezera iwo akatembenuka? Za simbi anati ngati akufuna mababu atatuwo achoke, aibweretse akaitsekere kwawo. Jemima anakaipereka, nabwereka ya makala. Sabata yotsatira yunifolomu ya mayi Chapotera ya kumpingo inawongoka kuposa kale lonse, kolala yake ili gwa. Jemima anaona.

Nkhondo yeniyeni inali ya madzi. Zochapa zonse anayamba kupita nazo kumtsinje wa Lilongwe, beseni pamutu Esau kumsana, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati pali mlandu. Tiwale, mwana wake wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankasamba m'madzi amene wasambamo Esau, ndipo otsalawo ankakolopera. Madzi otsukira mbale ankawasunga kuti atsukirenso miphika. Iye mwini ankasamba ndi makapu asanu, kuchita kuwerenga. Madzi amene sanakhudze ndi a mayi ake okha: m'mawa ndi madzulo ankawaikira beseni laling'ono kuseri kwa nyumba, ndi mchere pakachitini, n'kuwasiya adzitsuke okha, popeza Anangozo sankafuna kuti munthu aziwaonerera.

Mayi Chapotera nawo anati athandize. Anagula loko, nakhomeretsa chitini pampopi, nalengeza kuti madzi azitsegulidwa kawiri: m'mamawa mpaka seveni, madzulo kuyambira folo mpaka dzuwa kupendeka. Kuyambira pamenepo pampopi panasanduka bwalo la ndewu. Anthu amene ankapemphana mchere anayamba kuwerengerana ndowa. Woposa onse anali Veronica wa khomo loyandikana, mkazi wa kondakitala wa minibasi, amene ndi Jemima ankalukana tsitsi chaka chathachi. Tsopano Jemima akangotchera ndowa, Veronica ankanena mokweza ngati akuuza mwana wake kuti, "Yachitatu imeneyo," ngakhale ikhale yachiwiri. Jemima ankamva kuwawa, makamaka poganiza kuti pa tsiku limene Veronica anadwala malungo, phala anamuphikira ndi iyeyo.

Chosowetsa mtendere china chinali ndiwo. Mwezi wa Okutobala masamba amadula, koma anthu a pa pulotiyi anali ndi mwayi, kapena tinene kuti ankauzidwa kuti ali ndi mwayi. Kuseri kwa nyumba yaikulu, mkati mwa mpanda wa bango wotalika kuposa munthu, mayi Chapotera anali ndi dimba. Mpiru, chainizi, tomato, ngakhale nzimbe, zonse zili biriwiri pamene udzu wa Kawale yense unali utapsa. Ankagulitsa K2 pa mpukutu, ndipo wogula aliyense ankalandira ulaliki waulere: kuti bambo Chapotera atangomwalira zaka ziwiri zapitazo, pamalopo panatumphuka kasupe, chifukwa Mulungu saiwala amasiye. Jemima ankagula katatu pa sabata, n'kumavomereza kuti inde Mulungu ndi wabwino.

Lachisanu la sabata yachitatu anapita ndi mayi ake kuchipatala monga mwa masiku onse. Namwino atamasula nsalu ya pachilonda anabwerera m'mbuyo, nagwira mphuno. Chilonda chimene chinkaoneka kuti chayamba kufota chinali chitanyeka, m'mbali mwake mutada. Anamufunsa Jemima pamaso pa anthu onse a pabenchi ngati kwawoko madzi kulibe, ndiponso ngati mayiwa ndi omubereka kapena anangowatola panjira. Anati zikapitirira chonchi asadzalire akadzaona macheka. Jemima analumbira kuti amawaikira madzi kawiri patsiku. Namwinoyo anangopitiriza kutsuka, Anangozo atakukuta mano.

Pobwerera anapumira pamthunzi wa mtengo pafupi ndi mlatho. Jemima anafunsa mayi ake kuti madzi aja amapita kuti. Anangozo anali munthu wa pakamwa pakuthwa, wosakonda kufunsidwa ndi mwana, koma tsiku limenelo anayankha atayang'ana pansi.

"Ndimabwezera mundowa yako ukapita kumtsinje. Zonse za tsiku lija ndinamva. Ine ndikudwala mwendo, makutu ali bwino."

"Masabata atatu onsewa, amayi?"

"Ndimati mwina biluyo itsikako, mwamuna wako apume."

Jemima analira pomwepo pamsewu, anthu a njinga akumuyang'ana, ndipo chimene chinamuwawa koposa n'chakuti madzi amene mayi ake ankadzimana iye ankasambitsira ana n'kumadzitama mumtima kuti akudziwa kusunga.

Bilu inabwera Lolemba. Madzulo ake onse anasonkhana pakhonde la nyumba yaikulu, amuna ataima akazi atakhala pansi. Mayi Chapotera anavala magalasi, natambasula pepalalo mosafulumira, nati madzi abwera K460. Kenako aliyense anayamba kulankhula nthawi imodzi, aliyense akufotokoza mmene wadzimanira, aliyense akuyang'ana mnzake ndi diso lofiira. Mayi Chapotera anati iwo mbali yawo achita, loko anagula ndi ndalama zawo. Ngati bilu ikukwerabe ndiye kuti pali nyumba ina imene imamwa madzi ngati ng'ombe.

Veronica sanadikire kuti afunsidwe. Anati iye sakufuna kutchula munthu, koma pa puloti pano pali chipatala. Munthu wa chilonda amatsuka kawiri patsiku, nsalu zake n'zochapa tsiku ndi tsiku, ndiye akusiyana pati ndi khanda? Ngati khanda lili mitu iwiri, agogowo akhalenso mitu iwiri. Alexander, mphunzitsi wosakwatira wa nyumba ya kumapeto, amene ankadziwa masamu kuposa onse, anawerengetsa msanga n'kupeza kuti zikatero iye apulumutsa kwacha imodzi ndi matambala ake. Anatsokomola nati maganizowo ndi omveka.

"Mayi anga masabata atatu sanatsuke chilonda," anatero Jemima. "Matewera ndikuchapa kumtsinje, nonse mumandiona. Madzi amenewa ndamwa liti?"

"Tingadziwe bwanji za m'nyumba mwako?" anayankha Veronica.

Ena onse anakweza manja kuvomereza, ndipo nkhani inatha. Mitu inakhala makumi awiri, K23 pa mutu, ndipo banja la Gilford linagwera K161. Atalowa m'nyumba Gilford anangonena kuti Loweruka, kumapeto kwa mwezi, akawaperekeza apongozi ake kudepoti. Jemima anagwada, anachonderera kuti kwangotsala masabata anayi a chipatala. Gilford anati mwezi anapempha uja anamupatsa, ndipo zotsatira zake waziona yekha.

Lachitatu chakumasana, Jemima akusita malaya ndi simbi ya makala, anamva mayi ake akumuitana kuseri. Kumeneko ndi kumene Anangozo ankakhala tsiku lonse, popewa kupingasana ndi mkamwini, msana atatsamira khoma, maso ali ku mpanda wa dimba. Anamulozera nkhuku ya mayi Chapotera imene inkatuluka pabowo la mpandawo, miyendo ili matope mpaka m'mawondo.

Anangozo anati iwo alima madimba zaka makumi anayi, akasupe amawadziwa ngati ana awo. Kasupe amatumphuka kunsi kwa phiri kapena m'dambo, osati pamtunda wa dothi lofiira ngati pano. Ndipo madzi a kasupe amamwazika mmene afunira. Tsono iwo anakwawa mpaka pabowopo n'kusuzumira, ndipo anaona kuti chinyontho chake chayenda mzere umodzi ngati wakoka chingwe, kuchokera kumsewu kuloza kumpopi. Anatulutsa kachitini ka mchere kaja, katadzaza madzi amene anatunga pabowopo.

"Talawa."

Jemima ananyowetsa lilime. Anali madzi a fungo la mankhwala, lomwe lija mayi ake ankadandaula nalo chifikireni m'tauni kuti limawononga tiyi.

"Mulungu sathira mankhwala m'kasupe," anatero Anangozo. "Paipi yaphulika pansi apo, ndipo si lero."

Jemima anaima kanthawi kachitini kali m'manja. Anakumbukira mipukutu ya mpiru imene wagula chaka chonsechi, ndi zikomo amene ankapereka polandira. Kenako anakumbukira bambo wa yunifolomu amene ankabwera mwezi ndi mwezi kudzawerenga mita, mmene ankachotsera njerwa ndi lata pangodya ya puloti kufupi ndi msewu. Anayang'ana kumpopi: loko anali pamalo pake, chitini chili chitsekere, popanda ngakhale dontho. Anamanga chitenje, napita pangodya paja.

Njerwa zinali zisanu ndi imodzi. Anazichotsa, nakweza latalo, napukuta galasi la mita ndi chala. Kamuvi kofiira kanali kakuzungulira, osapuma, osathamanga, ngati munthu amene akudziwa kuti palibe womuthamangitsa.

Akanakhala munthu woganiza kawiri akanabwezera latalo, n'kudikira mwamuna wake, n'kukambirana mochenjera. Koma Jemima anali ataona chilonda cha mayi ake Lachisanu. Anayenda khomo ndi khomo akugogoda ndi chibakera, kuitana aliyense amene analipo kuti adzaone. Anatuluka Veronica manja ali ufa, anatuluka amayi a nyumba ziwiri zapakati, anatulukanso Alexander amene anali atangoweruka kusukulu, choko chili m'malaya. Anawaonetsa loko pampopi, kenako anawaweramitsa mmodzimmodzi pamita. Alexander anayang'ana nthawi yaitali, nayang'ana wotchi yake, nayang'ananso mita, milomo ikuyenda. Anadzuka nkhope itasintha.

Mayi Chapotera anatulukira akupukuta m'manja, nafunsa kuti ndani wapatsa anthu chilolezo chogwira mita yawo.

"Amayi, mpopi ndi wokhoma, makiyi ali m'chiuno mwanumo," anatero Jemima. "Nanga mita ikuwerenga madzi a ndani?"

Mayiwo anati mita zimatero, zimazungulira ndi mphepo ya m'paipi, ndipo munthu wosaphunzira asamalowerere za makina. Jemima anawapatsa kachitini kaja kuti alawe kasupe wawo. Mayiwo anakankha dzanja lake, madzi natayikira pansi. Anayamba kunena za ulemu, za ana a masiku ano, za mmene anamulandirira Jemima ali ndi pakati nyumba zikusowa. Jemima sanasunthe. Anati pali njira yapafupi: aitane munthu wa mapaipi akumbe mzere wa chinyonthowo, ngati sapeza paipi yophulika iye adzalipira bilu ya puloti yonse.

Apa m'pamene mkwiyo unawaposa nzeru mayi Chapotera.

"Ndikumbe dimba langa lonse chifukwa cha kamng'alu kamodzi? Ukudziwa ndalama zimene ndinathira pamenepo iwe?"

Mawuwo atatuluka anafuna kuwameza, koma anali atamveka kale. Jemima anatembenukira anzake, akudziwa kuti tsopano zatheka. Anthu onsewa anadzimana kusamba, anatukwanizana pamzere, analipira madzi a nzimbe za eni nyumba kwa zaka ziwiri. Pankangofunika mmodzi woti anene kuti ifenso tamva.

Mayi Chapotera nawo anawayang'ana, mmodzimmodzi, mosafulumira, dzanja likuseweretsa makiyi. Anati pa puloti pawo sakakamiza munthu. Amene akuona kuti akuberedwa anene pompano, chifukwa dzulo lomweli kunabwera mabanja awiri kudzafunsa nyumba, ena okonzeka kupereka miyezi itatu nthawi imodzi.

Amayi a nyumba zapakati anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya nyemba pamoto. Alexander anati iye za mapaipi sanaphunzire, ndipo nkhani ngati izi zimafuna kuzifufuza modekha. Anabwerera chambuyo mpaka kulowa m'nyumba mwake. Anatsala Veronica. Jemima anamuyang'ana m'maso, namutchula dzina limene ankamutchula kale akulukana tsitsi.

"Vero, waona ndi maso ako."

"Ine maso anga amandivuta padzuwa," anatero Veronica. "Sindinaone bwinobwino."

Mayi Chapotera anawerama okha, nabwezera lata, nasanjikapo njerwa zonse zisanu ndi imodzi. Atadzuka anamuuza Jemima kuti Loweruka dzuwa lisanafike pamutu nyumba yawo ikhale yosesa.

Gilford atamva madzulo anakhala pabedi atagwira mutu. Sanafunse ngati mitayo inkazunguliradi. Anafunsa ngati Jemima akudziwa mtengo wa ngolo yonyamula katundu, ndiponso ngati chilungamo chakecho chili ndi denga. Jemima anati iye amayembekeza kuti mwamuna wake akwiyira wakuba, osati wogwira wakuba. Gilford anati wakubayo ali ndi nyumba zisanu ndi imodzi, iye ali ndi mphasa ziwiri ndi wailesi. Anasintha malaya, napita kukagwada pakhonde la nyumba yaikulu, chipewa chili m'manja, kupepesa m'malo mwa mkazi wake. Mayi Chapotera anamusiya agwade mpaka anthu onse a pamzere wa madzi atamuona, kenako anamuuza kuti nyumbayo yalipiridwa kale ndi ena.

Masiku awiri Gilford anayenda Kawale yense, Biwi, mpaka Mchesi, osapeza kanthu kolingana ndi thumba lake. Lachisanu anabwera ndi nkhani yoti wapeza ku Mgona, kwa mnzake wina wa ku fodya: chipinda chimodzi, chopanda magetsi, madzi ogula pa ndowa. Anainena nkhaniyo ataima pakhomo, akulankhula kwa Jemima koma mokweza pang'ono kuti ifike kubalaza. Panalibe chowonjezera. Mkamwini ndi apongozi sagona chipinda chimodzi, ngakhale pakati mutapachika chitenje. Jemima anati Gilford angathe kumagona kwa mnzakeyo masabata anayi okhawo. Gilford anati mnzakeyo ali ndi ana asanu. Asanapitirize kukangana, Anangozo anayankha okha kuchokera kubalaza, akulankhula ngati akuuza khoma, kuti iwo sanabereke mwana kuti adzamupasulire banja, ndipo mawa akwera basi.

Jemima anadana ndi onse tsiku limenelo: mayi Chapotera, Veronica, mwamuna wake, ngakhale mayi ake chifukwa chovomera msanga. Koma koposa anadzida yekha, poganiza kuti akanangotseka pakamwa mwina akanapeza njira ina yomunyengerera Gilford.

Loweruka cha m'ma teni katundu anali atakwera pangolo: bedi, mphasa, mbaula, ndowa ziwiri. Jemima anapita kukatenga simbi yake yamagetsi, ndipo anaipeza ikali yofunda. Anangozo anatuluka ndi ndodo yawo, kathumba pamutu, chigubu chopanda kanthu m'manja. Anatuma Jemima kuti akapemphe mpopi utsegulidwe pang'ono, atungeko madzi otsukira chilonda akafika, poti kwawo nyengo ino zitsime zimakhala matope okhaokha. Mayi Chapotera anayankha ali pampando wawo kuti nthawi yotsegula ndi folo, lamulo ndi la onse.

Anangozo sanatsutse. Anatsimphina pang'onopang'ono kudutsa pakhonde pomwepo, nakankha chitseko cha mpanda wa bango ndi ndodo, nalowa m'dimba. Mayi Chapotera anadzuka akufunsa kuti akufuna chiyani mmenemo. Nkhalambayo inagwada movutikira pakati pa mizere ya mpiru, inafukula dothi ndi manja mpaka panaoneka chitsulo chadzimbiri, madzi akutumphuka pamng'alu, ndipo inatchera chigubu.

"Awa ndi a mkamwini wanga," inatero osatembenuka. "Analipira kale. Ine ndekha ndinali mitu iwiri."

Palibe anaigwira. Anthu onse a pa puloti anali m'makomo mwawo akuonerera, ndipo chitseko cha mpanda chinali pululu, moti aliyense anaiona paipiyo, ngakhale a maso ovuta padzuwa.

Ngolo itayamba kuyenda, Veronica anabwera chothamanga mpaka kumsewu, ngati akufuna kutsanzika. Anayenda pambali pa Jemima masitepe angapo, kenako anafunsa motsitsa mawu ngati akudziwa kuti obwerawo ndi angati.

"Ndamva kuti ndi mnyamata mmodzi wa kubanki, wosakwatira," anatero Jemima. "Ife tachoka ndi mitu isanu ndi iwiri. Mwatsala khumi ndi itatu, iyeyo wa khumi ndi inayi. Dimba likumwa monga kale. Ukamufunse Alexander akuwerengere."

Veronica anaima pakati pa msewu, zala zikuyenda. Jemima sanacheuke.

Kudepoti basi ya ku Ntcheu inali itadzaza kale, ndipo Gilford anachita kukangana ndi kondakitala kuti apongozi ake apeze mpando wa pawindo pomwe mwendo sungapondedwe. Anawagulira buledi ndi ndalama imene inayenera kukhala ya makala, napereka kudzera kwa Jemima, maso ali kumbali. Jemima anawapatsira pawindo kathumba ka mchere ndi nsalu zoyera zimene anang'amba ku chitenje chake, nawabwerezera zonse zimene namwino ananena: m'mawa ndi madzulo, madzi owiritsa, osaphonya. Anangozo ankangovomera, chigubu atachikumbatira pamiyendo ngati mwana.

"Ndizithira pang'onopang'ono," anatero. "Afika patali amenewa."

Basi inaliza hutala n'kuyamba kubwerera chambuyo. Jemima anayenda nayo pambali mpaka pachipata, dzanja lili pawindo. Masabata atatu akuwerenga makapu anali atamuphunzitsa kuyeza madzi ndi maso, ndipo sanafunikire kufunsa munthu. M'chigubumo munali a masiku anayi.